Mpunga Woola M'mabakuli Anga Aukwati

Kwathu ndi ku Ntcheu, ndipo mpaka pamene boma linatumiza amuna anga ku Karonga ndinkadziyesa mkazi waukhondo. Ndinkasesa kawiri pa tsiku, mapoto ndinkakwecha ndi phulusa, zovala ndinkasita ndi ayironi ya makala. Titafika m'mudzi wina wa m'mbali mwa msewu wochoka ku Chilumba kupita ku boma, ndinazindikira kuti ukhondo wangawo kumeneko unali wamasanje.

Amene anandionetsa zimenezi anali mayi a nyumba yoyandikana ndi yathu, amasiye, aatali, a mwendo umodzi wotupa. Kwawo kunali ku Iponga, ndipo sankatha kulankhula mawu khumi osakumbutsa munthu kuti ku Iponga ukhoza kudyera pansi popanda mbale. Bwalo lawo ankasesa mpaka kunsi kwa nthochi, akamaliza n'kubwerera chafutambuyo kufafaniza mapazi awo omwe. Koma choopsa kwambiri inali mphuno yawo. Ankatha kuima kuseri kwa mpanda n'kufuula kuti, "Mama, usipa wa dzulo uja, yayi, musawapatse abambo!" Pamenepo n'kuti usipawo uli m'nyumba, m'poto wovundikira. Ndinkawaopa, ndinkawanena mumtima, koma ndinkawakondanso, chifukwa ndi iwo amene anandiphunzitsa kuphika nthochi ndi nyama ndiponso kumwa chambiko osakwinya nkhope.

Amuna anga anali alangizi a zaulimi. Ntchito yawo yaikulu inali kuonetsa alimi kapoperedwe ka mankhwala m'thonje ndi m'madimba, ndiye tsiku ndi tsiku ankabereka pampu kumsana. Pampuyo inkadontha pa chivundikiro. Akamabwera madzulo malaya amakhala atanyowa kuyambira m'khosi mpaka m'chiuno, fungo lake lolasa m'maso. Malaya amenewo ndinkawachapa paokha, m'beseni lawolawo, koma fungo silinkachoka. Chodabwitsa n'chakuti mayi a ku Iponga, amene ankapeza chonena pa chilichonse changa, kuyambira tsache mpaka kamangidwe ka duku, za malaya amenewa sananenepo kanthu. Akawaona pa chingwe ankangodutsa mofulumira, n'kumakoka mwendo wawowo.

Chaka chachitatu amuna anga anagwa m'munda wa thonje dzuwa lili paliwombo. Anabwera nawo pa ngolo ya ng'ombe akusanza, maso ali gwa. A pachipatala anawauza poyera kuti asiye pampu ngati akufuna kudzaona imvi. Iwo anangoseka. Masiku amenewo munthu wa boma sankasankha ntchito, ndipo wokana ntchito ankafunsidwa mafunso ena oposa a ntchitoyo. Anachira n'kuberekanso pampu, koma manja anayamba kunjenjemera. Tiyi ndinayamba kuwathirira theka la kapu kuti asadzitayire, ndipo tonse awiri tinkanamizira kuti shuga ndi amene wachepa. Ine ndinkachita mantha kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti akadzagwa kachiwiri sadzadzukanso.

M'nyengo yomweyo kunabwera bwana wina wa zakafukufuku, wamfupi, wa magalasi, amene ankalankhula ndi masamba kuposa anthu. Alimi a m'dera lathu ankalira ndi mbande za matimati. Zinkamera bwinobwino pa nazale, kenako n'kuola m'tsinde, n'kugwa zonse ngati wina wazipondaponda. Amuna anga ankazithira mankhwala koma zinkagwabe. Bwanayo anati chimene chimaoletsa mbande ndi chuku china chokhala m'nthaka, ndipo pali chuku chinanso, chobiriwira, chimene chimalimbana ndi choipacho mpaka kuchigonjetsa. Anawapatsa amuna anga kabotolo kokhala ndi chuku chabwinocho kuti achichulukitse, achisakanize ndi dothi la pa nazale ya chitsanzo, aone ngati mbande zipulumuke. Ananenanso kuti zikatheka adzapempha ku likulu kuti amuna anga azithandiza iyeyo pa ntchito ya manazale, pampu aisiyire ena.

Amuna anga anafika kunyumba akumwetulira ngati apatsidwa njinga yamoto. Anakhala pa mpando, n'kuika kabotolo pa tebulo, n'kundiitana ndi mawu aulemu kwambiri. Ndinadziwiratu kuti pali chimene akufuna.

"Mayi, mabakuli anu atatu aja ali kuti?"

Mabakuli amenewo anali mphatso ya pa ukwati wanga, oyera a maluwa ofiira, a zivundikiro zokhala bwino. Sindinkawagwiritsa ntchito pokhapokha kukabwera abusa.

"Mukufuna kutani nawo?"

"Muphike mpunga, koma usapse kwenikweni. Ukazizira tithiremo ichi, tivundikire, tiike pamthunzi masabata awiri."

"Masabata awiri? Ndiye uola."

"Eya, tikufuna uole."

Ndinaganiza kuti mankhwala aja afika kumutu. Anandifotokozera kachiwiri, pang'onopang'ono, kuti chuku chija ndi chamoyo, chimafuna kudya, ndipo chimakonda mpunga. Ndinati ndiye chafika kwawo, chifukwa ku Karonga ngakhale nkhuku zimanyoza gaga. Anandichenjeza kuti ndisauze munthu, poti bwana ananena kuti za boma sizilengezedwa zisanavomerezedwe. Chenjezo limenelo linali losafunika. Ndikanalolera kumangidwa kusiyana ndi kuuza mayi a ku Iponga kuti ndikuweta chuku.

Ndinaphika mpunga wabwino, wonunkhira uja, mtima ukuwawa. Mabakuli tinawaika kunsi kwa bedi, kumene kunali kozizirirako. Tsiku lachitatu pamwamba panachita tiubweya toyera. Tsiku lachisanu ndi chimodzi panayamba kubiriwira. Amuna anga ankagwada m'mawa uliwonse kusuzumira, n'kumati, "Akukula, mayi, akukula," ngati akunena ana. Fungo linali la nkhokwe yodontha. Ine ndinayamba kulandirira alendo panja, kutali ndi khomo. Mayi a ku Iponga akabwera kudzapala moto ndinkathamanga kukawachingamira kumpanda ndi makala ali kale pa phale. Tsiku lina anaima, n'kukweza mphuno m'mwamba ngati mbuzi yomva mvula.

"Mama, m'nyumba mwanu mwafa khoswe."

"Ayi, ndi denga, ladontha."

"Mvula inasiya kalekale," anatero, n'kunyamuka.

Tsoka linabwera ndi amayi a tcheya a chipani. Analengeza kuti ku boma kukubwera mlendo wamkulu, ndipo amayi tonse tikavine. Nkhani imeneyo inalibe chowiringula. Unkavala nsalu ya chipani, khadi n'kulimanga pa mfundo ya chitenje, n'kukwera lole. Amuna anga nawonso anaitanidwa pamodzi ndi anzawo a boma kukandanditsa anthu m'mbali mwa msewu. M'mudzi monse munatsala okalamba, odwala ndi mayi a ku Iponga, amene mwendo unawapulumutsa. Nkhuku zanga zinkagona m'kachipinda ka kukhitchini, chimanga chake chinali m'nyumba, ndiye panalibe kuchitira mwina koma kuwasiyira kiyi. Ndinawauza katatu kuti chimanga chili pafupi ndi chitseko penipeni, safunika kulowa mkati. Anavomera m'chilankhulo cha kwawo kuti, "Ndaga, mama, pitani bwino," ndipo anandiyang'ana mwachifundo chimene sindinachimvetse.

Ku boma ndinavina masiku atatu, miyendo ili m'bwalo, mtima uli kunsi kwa bedi. Mayi wina wa pambali panga anandigunda ndi chigongono kuti ndimwetulire, chifukwa anyamata a chipani ankayang'ana nkhope.

Titatsika lole, chinthu choyamba kuchiona chinali thandala langa. Pamwamba pake panali mabakuli atatu, ovundikirika chadodolido, akunyezimira padzuwa kuposa tsiku la ukwati wanga. Bedi linali panja, mphasa zili pa mpanda, m'nyumba monse mozira mwatsopano. Mayi a ku Iponga anatulukira kuseri akupukuta manja, n'kundikokera pambali, n'kutsitsa mawu.

"Pole, mama, pepani. Musalire. Palibe waona, ndatseka chitseko pochita. Zimachitika, munthu ukakhala ndi maganizo ambiri. Ine pakamwa panga ndatseka, ngakhale kwa abusa."

"Mpunga uja mwautaya kuti?"

"Ndaukwirira. Musaufunsenso, wapita. Mabakuli ndawiritsa kawiri."

Ndinafuna kukuwa, koma ukamukuwira bwanji munthu amene wagwada masiku atatu ndi mwendo wotupa kukuzirira nyumba? Ndinati zikomo. Ndinanenadi zikomo, misozi ikutsika, iwo n'kumandisisita pamsana poganiza kuti ndikulira ndi manyazi.

Amuna anga atafika sanakalipe. Anayang'ana mabakuli, anayang'ana kabotolo kamene tinakhuthula konse, nakonso katatsukidwa n'kuikidwamo duwa, kenako anakhala pa khonde manja ali pakati pa mawondo kuti ndisaone kunjenjemera. Bwana anali kutali, ndipo kumulembera kalata yoti chuma cha boma chatsukidwa ndi aneba kunali kudziitanira mavuto. Anafesa matimati pa nazale ya chitsanzo opanda chilichonse, n'kumayembekezera kuti mwina chaka chimenecho matenda aiwala. M'mawa mwake anaberekanso pampu.

Matenda sanaiwale. Patapita masabata atatu mbande za pa chitsanzo zinayamba kugwa, za alimi ena chimodzimodzi. M'mudzi monse nazale imene inaima inali imodzi yokha, ya mayi a ku Iponga, kuseri kwa khola lawo. Iwo sanadabwe n'komwe. Ankauza aliyense wodutsa kuti matenda amaopa tsache, ndipo anthu akanamasesa ngati a ku Iponga sibwenzi akulira. Koma chaka chapitacho ankasesa chimodzimodzi, mbande zawo n'kugwa ngati za wina aliyense.

M'mawa wa tsiku limene bwana ankabwera kudzayendera, ndinapita kwawo kukabwereka sefa. Ndinawapeza akuthirira nazale. Ndinagwada kuti ndiyamikire mbande, ndipo pakati pa manyowa ndinaona kanthu koyera kokhala ndi ubweya wobiriwira. Ndinafukula ndi chala. Inali njere ya mpunga, ndipo pambali pake panali zina.

"Mama, mpunga uja munaukwirira pati?"

Anayang'ana uku ndi uku. "Mu mulu wa ndowe, pansi penipeni. Ndinati nkhuku zingafukule anthu n'kuona."

"Manyowa a pa nazale pano munatapa pa mulu womwewo?"

"Nanga ndikatape kuti? Tsitsani mawu, mama."

Sefa ndinaisiya pomwepo. Ndinathamangira ku nazale ya chitsanzo, kumene amuna anga ankakonza mabenchi, n'kuwaonetsa njere zija m'dzanja. Anaziyang'anitsitsa. Kenako anati bwana sangakhulupirire mawu a mlangizi amene ntchito yake yalephera, pokhapokha mwini nazale anene yekha chimene anathira.

Galimoto ya boma inafika dzuwa litakwera. Panasonkhana alimi, atcheya a chipani, amayi a tcheya ndi gulu lawo, mphunzitsi wamkulu, ndi ena ongofuna kuona galimoto. Bwana anayang'ana mbande zakugwa zija, anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, koma mbande zinali chigonere. Amuna anga anapempha mwaulemu kuti gulu lonse lipite likaone nazale ina. Tinayenda mondondozana mpaka kuseri kwa khola. Mayi a ku Iponga anali atavala kale chitenje chatsopano, ataima pambali pa mbande zawo ngati akujambulitsa.

Bwana anagwada, anagwira tsinde la mbande imodzi, nkhope yake n'kusintha.

"Mayi, munathira chiyani apa?"

"Ndowe, bwana. Ndi kusesa."

Amuna anga anakhosomola. "Mayi, auzeni bwana za chija munakwirira mu ndowemo."

"Chiti?"

"Chimene munachotsa kunyumba kwathu."

"Mma!" Anatero mokweza, kutanthauza kuti ayi. "Kunyumba kwanu ine ndinadyetsa nkhuku basi. Mkazi wanu ndi waukhondo, safi kabisa. Amene anganene kuti m'nyumba mwake munatuluka chinthu choipa, abwere anene pamaso panga."

"Koma mayi, sitikukuimbani mlandu."

"Inu abambo, mulibe manyazi? Mkazi wanu amakuchapirani, amakuphikirani, lero mukufuna kumuvula pamaso pa anthu? Yayi. Ine sindinaone kanthu."

Anatembenuka n'kunditsinzinira diso, kuti ndilimbe mtima, ali nane. Bwana anayang'ana wotchi. Atcheya anayamba kuyang'ana amuna anga ndi diso lija la munthu amene akusunga nkhani yoti akanene kwina. Ine ndinali kumbuyo ndi amayi anzanga, pansi, monga mwa mwambo. Ndinaona malaya a amuna anga, pamsana pali banga lachikasu limene sopo analikana. Sindikumbukira kuti ndinaimirira bwanji, ndinangozindikira ndili chilili pakati pa amuna, mawu akutuluka okha.

"Bwana, mayiwa akunama chifukwa chondikonda. Ndinasunga mpunga woola m'mabakuli atatu, kunsi kwa bedi limene timagonapo. Unachita ubweya, unabiriwira, unanunkha. Ndinauphika ndine, ndinauvundikira ndine, ndipo tsiku lililonse ndinkausuzumira. Iwowa anaupeza n'kuukwirira mu ndowe kuti anthu asandiseke."

Kenako mayi wina anati "Mabakuli atatu!" ndipo anthu anaphulika. Amayi a tcheya analavula malovu pambali. Wina anafunsa ngati anali mabakuli omwe aja ndinapatsiramo abusa chakudya, ndipo nditavomera, mphunzitsi wamkulu anaseka mpaka anagwira mtengo wa nthochi. Bwana yekha ndi amene sanamve chilichonse. Anali atagwada kale pa mulu wa ndowe, akufukula ndi manja awiri, thalauzi la boma lili m'matope. Anatulutsa chibuma chobiriwira, anachinunkhiza, n'kutseka maso ngati munthu wolawa ndiwo za kwawo.

Ananena kuti chimenecho sichinali chiyeso chovomerezeka, chifukwa panalibe cholembedwa, ndipo sayansi siyendera mayi wotsuka mbale za eni. Anati ziyenera kubwerezedwa bwinobwino, pa manazale angapo, ndipo pafunika munthu woziyang'anira tsiku ndi tsiku. Anatapa ndowe zija m'kathumba, n'kuuza amuna anga kuti adikire kalata.

Kalata inabwera patapita mwezi, yowasamutsira ku ntchito ya manazale. Amuna anga anatsuka pampu, anaimanga pa njinga, anakaibweza ku ofesi. Ine n'kuti ndili ndi dzina latsopano. Kuchitsime, kumsika, ngakhale kutchalitchi, ndinali mayi a mpunga woola. Pa maliro ankandipatsa ntchito yotunga madzi, kumoto osandiyandikitsa. Abusa akabwera kwathu ankati angodya kumene.

Zonsezo ndinazipirira, koma chimene chinandipweteka n'chakuti mayi a ku Iponga anasiya kundilankhula. Tsiku lija anachoka pagulu akulira, akunena kuti ndawasandutsa wabodza pamaso pa boma pamene iwo anathyoka msana kundibisira. Ankasesa bwalo lawo atandifulatira. Usipa wanga ukanatha kuola mpaka kuyenda wokha, iwo osanena kanthu. Ndinawasowa kwambiri.

Tsiku lina m'mawa ndikuyanika zovala ndinamva mwendo uja ukukokeka kumbuyo kwanga. Sanandipatse moni. Anapita pa chingwe, anagwira malaya a amuna anga, amene kale ankawalambalala, n'kuwaika pamphuno. Ananunkhiza pa kolala, pamsana, m'khwapa.

"Sopo yekha," anatero.

"Pampu anakabweza."

"Ndamva. Akuti mpunga uja unali wa zimenezo." Malaya anali akadali m'manja mwawo. "Bwanji simunandiuze, mama?"

"Ndinkachita manyazi. Ndinkaopa mphuno yanu."

"Mphuno yanga," anabwereza. Anakhala pa mtondo umene unali pafupi, chinthu chimene ankandiletsa ine nthawi zonse. "Malemu amuna anga ankalima thonje. Pampu inali yawoyawo, ankanyadira. Malaya awo ndinkachapa ndi sopo, ndi phulusa, ndi mandimu, ndinkawiritsa, ndinkayanika masiku awiri. Ine amene palibe chinthu chinandikanapo kuyera. Fungo lija silinachoke mpaka tinawaika nalo."

Ndinakhala pansi pafupi ndi mwendo wawo wotupawo, tonse n'kumayang'ana chingwe.

Atapuma, anamasula kamtolo kamene anabwera nako. Munali bakuli lawo lalikulu, limene ankalisunga pamwamba pa kabati, limene ngakhale mwana wawo sankaloledwa kuligwira.

"Akuti mpunga woola uja ukufunika wambiri chaka chino. Phikani umu. Koma mpunga wake mubwere nawo ndisankhe ine, inu mumasiya miyala."

"Ndiye likakhale kunsi kwa bedi lathu?"

"Mma. Kwanu n'kotentha, denga lanu ndi la malata. Likakhala kwanga."

Linakhaladi kwawo, masabata awiri, m'nyumba yoyera kuposa zonse m'mudzimo. Ankagona atamanga kansalu pamphuno, ndipo m'mawa uliwonse ankabwera kumpanda kudzandiuza, nkhope ili yokwinya, kuti anthu aja akukula.

Manja a amuna anga sanasiye kunjenjemera mpaka ukalamba wawo, koma m'munda sanagwenso, ndipo imvi anaziona. Tiyi ndinapitiriza kuwathirira theka la kapu. Mabakuli aja awiri anabooka, limodzi ndikadali nalo, ndipo adzukulu anga amadabwa kuti bwanji sindilola kuti aikemo chakudya cha alendo.